Kulira kwa Thole pa Nsadzo

Ana anga, nonse munandidziwa ndili kale ndi mawu awa, osasa ngati khasu likukhula pamwala. Adzukulu amayesa ndinabadwa nawo. Sindinabadwe nawo ayi. Nkhani yake amayi anu amaidziwa, koma akaiyamba amaifotokoza mwa njira yawo, ndiye ndati nanenso ndilembe yanga, popeza kulankhula nthawi yaitali kumandipweteka pakhosi, ndipo kungokhala pakhonde chipumireni pantchito sindikukutha. Zaubwana ndazilumpha. Ndinaweta mbuzi ngati mwana aliyense, ndinaphunzira kwa apadiri mpaka pomwe sikola yathu inkathera, basi. Ndiyambira pa ntchito.

1979, pa Chifunde

Ntchito yanga yoyamba inali mu ofesi yoona za chikhalidwe pa Chifunde. Kunena kuti ofesi ndikungolemekeza. Chinali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yosungiramo chimanga, muli tebulo, benchi ndi gravadolo, makina ojambulira mawu aja okhala ndi fita yozungulira m'kati. Tinalimo atatu. Mkulu wathu anali a Kumbane, ochokera kummwera kwenikweni kwa dziko lino, ife tinkangoti Shefi. Panali Beta, mtsikana wa pa Chifunde pomwepo amene ankaimba kwaya kutchalitchi, ndiye ine. Tinkapeka timasewero tophunzitsa anthu za katemera, zimbudzi ndi kusambitsa ng'ombe, nkumakasewera m'midzi. Tina tinkatijambula pa fita nkutumiza pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, ku Tete kuti akatiulutse pa radiyo m'chilankhulo chathu. Shefi anali ataona kale kuti munthu akamalangizidwa ndi munthu mnzake amakwiya, koma akamalangizidwa ndi mbuzi amaseka, uthenga nkulowa. Ndiye masewero athu onse anali a nyama zolankhula.

A Kumbane sankamva Chinyanja kupatula moni. Poyamba ndinkati munthu wotereyu atiphunzitsa chiyani, koma ndi amene anandiumba pa ntchitoyi. Tikamayeserera ankatembenuza mpando nkuyang'ana khoma. Ankati, m'Chipwitikizi, "Zimene mukunenazo sindikuzimva, ndipo zili bwino choncho. Ndikufuna khutu lokha lindiuze kuti ikulankhulayi ndi nyama yanji ndipo ikufuna chiyani." Tsiku loyamba ndinalira ngati ng'ombe ndi mphamvu zanga zonse mpaka galu panja anauwa. Iwo osatembenuka.

"Kamarada Fabiyau, ng'ombe yakoyo ikulira chifukwa chiyani?"

"Ikungolira, Shefi."

"Palibe ng'ombe imangolira. Ili ndi njala? Yasowa mwana? Yaona mpeni? Pita kukhola, ubwere utadziwa."

Ndinapita ndili wokwiya, poti ine ndinakulira pakati pa ziweto pomwe iwo anakulira m'tauni. Koma nditatsamira mpanda wa khola madzulo amenewo, ndinamva zinthu zimene ndinkazimva moyo wanga wonse osaziganizira. Ng'ombe yofuna kutuluka imalira mwachidule, mobwereza. Yoitana mwana imakoka mawu, nkusiya, nkudikira yankho makutu ali chilili. Kudikirako ndi mbali ya kulira komweko. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyamba ndi phokoso, ndinkayamba ndi njala ya nyamayo.

Ndilembe pano zina zimene ndinaphunzira, mwina mdzukulu wina adzazifuna. Mawu a ng'ombe sachokera pakhosi. Amayambira pansi pa mchombo, pakamwa pali potseka, ndipo milomo umaitsegula mochedwa, mpweya utayamba kale kukankha. Ikamalankhula mawu a anthu uziwatafuna ngati ukubzikula, osathamanga, ndipo pojambula uime patali ndi mikorofoni, pakamwa utalozetsa mumtsuko wopanda madzi kuti mawu akule. Mbuzi ndi ina. Kunjenjemera kwake kuli pakhosi, osati palilime monga amachitira ana, ndipo mbuzi nthawi zonse imalankhula ngati yalakwiridwa, ngakhale ili m'munda mwa eni. Imeneyo Beta ankaitha kuposa ine. Ankangotsina mphuno pang'ono nkuyamba kudandaula, anthu nkumagwirana ndi phwete. Nkhumba ndiye yozunza, chifukwa umalankhula ukukokera mpweya m'kati, ukapitiriza umachita chizungulire. Lamulo lalikulu linali lakuti kulira kwa nyama ukuike poyambira ndi pothera, pakati usiye mawu oyera, apo ayi okhala kumbuyo amangomva phokoso, uthenga osaumva. Ndipo usanasewere usamwe kachasu kapena madzi ozizira. Madzi ofunda, ndi uchi ukapezeka.

1982, m'midzi

Zaka zimenezi sindinkakhazikika. Tinali ndi njinga ziwiri pa anthu atatu, ndiye Beta ankakhala kumbuyo kwa Shefi, ine nkumanga gravadolo pamsana ndi chitenje ngati khanda. Tikafika pamudzi, tisanamalize nkomwe kusewera, mtima wanga unkakhala uli kale pamudzi wotsatira. Zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Sabau wochapira anasowa, mchere unasowa, kenako pilya, mabatire aja a gravadolo. Tinkaziyanika padenga la malata kuti zitenthe, tinkazipondaponda ndi mwala kuti zitipatseko kamphamvu kotsala. Tsiku lina tinajambula sewero lonse pilya zili zofooka, fita ikuyenda mwaulesi ife osadziwa. Atakaiika pamakina abwino ku Tete, inathamanga, ndipo ng'ombe yanga yaikulu, imene ndinaivutikira ndi mtsuko, inatuluka pa radiyo ikulira ngati kambuzi. A Kumbane anazimitsa radiyo, anatuluka panja, ndipo tinawamva akuseka okha kuseri kwa nkhokwe.

Sewero limene linatitchukitsa linali la Ng'ombe ndi Nkhupakupa. Vuto linali lakuti nkhupakupa ilibe mawu, palibe anaimvapo. Ndinayesa kamawu kakang'ono koopsa, Shefi anakana. Ndinayesa koluma mano, anakananso. Kenako ndinakumbukira mlendo wina amene anabwera kwathu kudzagona tsiku limodzi nkukhala mpaka kukolola. Ndinaika mtedza m'masaya onse awiri, ndinayandikira mikorofoni mpaka kuikhudza ndi milomo, nkunena mwaulemu kwambiri, mawu odzaza m'kamwa, "Pepani achimwene, ine ndangodutsa. Ndingokhala pang'ono kuseri kwa khutu kuno, simundimva nkomwe." Shefi anamenya tebulo. Anthu anaikonda nkhupakupa imeneyo kuposa ng'ombe imene inkayenera kupambana, ndipo ana ankatitsatira m'njira akunena kuti ndangodutsa, ndangodutsa.

Koma mankhwala osambitsira ng'ombe nawonso anatha, ife tikupitirizabe kuuza anthu kuti azisambitsa. Pamudzi wina bambo wachikulire anaimirira sewero litatha nati, "Mwasewera bwino, ana inu. Koma mwa onse alankhula pano, wanena zoona ndi nkhupakupa. Ikhala ndithu. Mankhwala ali kuti?" Ndinayenera kuwamasulira Shefi mawu amenewo.

Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, Nabanda, ku Nsadzo, ndipo ndinakalowa chikamwini kumeneko. Mkulu wa mbumba yawo anali atsibweni awo, a Kachingwe, munthu wosalankhulalankhula, amene ankasunga ng'ombe za banja lonse. Sizinali zawo okha. Munali za alongo awo amasiye, za ana a malemu achimwene awo, ndi ng'ombe zolimira zimene theka la mudzi linkabwereka dzinja likafika.

1984, pa Nsadzo

Ananditumiza kukakhala pa Nsadzo kuti ndiziyang'anira masewero a chigawo chimenecho. Ndinakondwa poti kunali kwa amayi anu, koma ndinkasowa anzanga, ndipo mwezi ukatha ndinkapalasa kupita ku Chifunde ngakhale popanda chifukwa chenicheni. Kumeneko ndiko kunachitika chinthu chimene chinandipatsa dzina. Mankhwala anabwerako pang'ono, anthu anasonkhanitsa ng'ombe patanki losambitsira, ife nkuti tisewere pomwepo anthu akudikira. M'seweromo munali thole, kamwana ka ng'ombe, kofunsa amake chifukwa chimene akuwondera. Thole ndinali nditaliphunzira bwino. Limalirira m'mphuno, mawu ali pamwamba, ndipo kumapeto amaduka ngati mpweya wathera panjira. Ndinasankha kulira kwa thole limene lagona lotsekeredwa padera, lisanayamwe.

Nditangolira, ng'ombe zazikazi zimene zinali pamzere zinatukula mitu. Imodzi inayankha. Ndinaliranso, poti sewero linkafuna choncho, ndipo zinaswa mzere nkubwera mothamanga, abusa akukuwa pambuyo. Anthu anabalalika, amayi akukoka ana. Ine ndinatsala pakati, ng'ombe zikundizungulira, zikununkhiza pansi ndi kumbuyo kwanga kufuna mwana. Fumbi litatsika, bwalo lonse linafa ndi kuseka. Ngakhale a Kachingwe anaonetsa mano. Kuyambira pamenepo dzina la Fabiyau linatsala la m'tchalitchi. Kumsika, kuchitsime, paliponse ndinali a Thole, ndipo ndinkalikonda dzinalo.

1986, pa Nsadzo

Nkhondo tinkaimva ngati mvula ya kutali, kenako inatipeza. Msewu wa ku Tete unayamba kuopsa, makamyau ankatenthedwa, mafita athu analeka kupita. A Kumbane anaitanidwa kwawo ndipo sitinatsanzikane. Beta anathawira ku Zambia ndi makolo ake. Ine ndinatsala ndi gravadolo yopanda pilya, ndinkaipukuta fumbi m'mawa uliwonse ngati pali amene adzaifunse. Kusonkhanitsa anthu pabwalo kunaletsedwa. Ndinkangoyendayenda, kuchoka kunyumba kupita kumsika wopanda malonda, kubwerera, kupitanso. Amayi anu ankati ndikuwapweteketsa mutu ndi mapazi anga. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa iwe Lusiya, miyezi itapita ndithu.

Anthu a m'tchire, aja ankamenyana ndi boma, akafika pamudzi ankatenga ng'ombe zonse. Choncho a Kachingwe ndi akuluakulu ena anatulutsa ziweto mwakachetechete nkukazibisa kumapiri, m'chigwa china chimene polowera pake sudziwa ngati sunakulire kumeneko. Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti ng'ombe zinatengedwa kale. Pa Nsadzo panali kagulu ka asilikali a boma otilondera, ndipo mkulu wawo anali tenenti wina dzina lake Sitole, munthu wamtali, wowonda, wa maso ofiira ndi kusagona. Tsiku lina masana ananditumizira msilikali kuti ndipite.

"Ndiwe Thole?"

"Dzina langa ndi Fabiyau, a Tenenti."

"Ndamva kuti ng'ombe zimakuyankha. Tiye uone kanthu."

Ananditengera kuseri kwa nyumba imene ankagonamo. Pansi pa mtengo wa mango panagona asilikali angapo, ena miyendo itatupa, ena akungotsegula m'mimba pomwe agonapo. Pamoto panali mphika wa mango osapsa. Tenenti sanakweze mawu. Anati, "Awa ndi amene akuchititsa kuti mkazi wako azigona m'nyumba osati m'tchire. Kamyau ya chakudya sinabwere chisiyireni mvula. Anthu ako akuti ng'ombe zinatengedwa, koma ine ndowe zatsopano ndaziona kumtsinje. Mawa kukamacha tipita kumapiri. Iwe uzikalira, ife tizikamvera."

Ndinafunsa kuti akatenga zingati.

"Zimene ndikazipeze. Sindikunamiza." Kenako analoza msilikali wina wamfupi amene ankasenda mango. "Uyo ndi Zakeyu, wa ku Angoniya. Wakula akuweta ng'ombe. Ukakalira zachibwana, adzandiuza."

Nditachoka pamenepo ndinalunjika kudimba kwa a Kachingwe. Ndinawapeza akutsira mbatata. Ndinagwada, ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera khasu lili m'manja, nkuti, "Akamwini, ine ng'ombe ndilibe. Zinatengedwa." Ndinati, "Atsibweni, ndi ine, Fabiyau. Ndikufunsa kuti nditani." "Pakamwa ndi panu," anatero, nkuweramanso. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandikayikira kuti ndatumidwa, kapena ngati analibe china chonena.

Amayi anu ndinawapeza akupeta mphale. Nditawafotokozera, iwo sanachedwe.

"Kalireni molakwika."

"Pali Zakeyu, adzadziwa. Ndipo akadziwa sindibwerako kumapiriko."

"Ndiye kalireni bwino."

"Nabanda, ndi ng'ombe za atsibweni anu. Ndi za amayi anu aang'ono, za ana amasiye aja. Dzinja likubwerali anthu adzalimira chiyani?"

"Mukundiuza ine kuti ndi za yani? Ndinakulira mkaka wake. Ng'ombe ikafa ina imabadwa. Inu mukafa, uyu ali m'mimbayu ndidzamuuza kuti bambo ake anafera chiyani?"

Ndinanena zothawira ku Zambia, koma tonse tinkadziwa kuti sizingatheke. Tinalibe giya, chikalata chololeza kuyenda, njira za m'tchire zinali ndi mabomba okwirira, ndipo iwo sakanatha kuyenda mtunda umenewo. Anabwerera ku lichero lawo, ine ndinatuluka.

Masana onsewo ndinayenda. Ndinafika kutanki, kumene kunali kutamera udzu, ndinabwerera, ndinazungulira tchalitchi, ndinakhala pamwala, ndinadzukanso. Ndikakana, andimenya kapena kuposa apo. Ndikanama, Zakeyu andigwira. Ndikalira bwino, ng'ombe zitha, ndipo a m'tchire akamva kuti mudzi wathu wadyetsa asilikali, abwera kudzafunsa ndi moto. Komanso anyamata aja pansi pa mango sankachoka m'maso mwanga, poti njala yawo sinali yopeka. Chimene chinkandiluma kwambiri chinali china, ndipo mwina ndi kunyada chabe: anthu onse amene anaseka patanki paja akanamva kulira komwe kuja kukutsogolera mfuti kuchigwa chawo. Ndinaona kuti munthu yekhayo amene sangakakamizidwe kulira ndi amene alibe mawu.

Kumbuyo kwa tchalitchi kunali mpanda wa nkhadze. Mwana aliyense amadziwa kuti utomoni wake ukagwera m'diso umachititsa khungu, ndipo pakhungu umawotcha. Ndinaganiza kuti timadontho tochepa m'madzi tingandisasitse mawu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka kamyau itabwera, nkhani nkuiwalika. Sindinaganize zopitirira pamenepo, ndipo musandiyese wolimba mtima kuposa mmene ndinalili. Ndinathyola kanthambi, ndinadonthezera m'chikho, ndinachukucha pakhosi mutu uli chagada monga ndinkachitira ndi madzi a uchi. Ena anandipulumuka nkutsika. Wina aliyense wa inu asadzayese zimenezi, ngakhale zitavuta bwanji.

Ndinafika kunyumba ndikukwawa, chikho chidakali m'manja. M'kamwa munali ngati ndameza khala lamoto, lilime linatupa mpaka kudzaza, mpweya unkalowa ndi kaphokoso ngati ka mluzu. Amayi anu atamva fungo la chikho anadziwa. Sanalire. Anandimenya kamodzi paphewa ndi chibakera, mwamphamvu, kenako anathamangira kwa enfermeru, namwino wa pamudzi, amene analibe ngakhale mbewu imodzi ya mankhwala. Atabwerako anawiritsa therere, nkumandidonthezera madzi ake oterera pakona ya mlomo ndi nthenga ya nkhuku. Ndi zimenezo zinandisunga.

Kutacha tenenti anabwera mwiniwake, Zakeyu ali pambuyo. Anagwada pamphasa, anandigwira chibwano nkuyang'ana m'kamwa. Sanafunse kuti ndadwala chiyani. Anakhala pamtondo umene unali chafufumimba pakhomo, anavula chipewa, nkupukuta nkhope.

"Wasankha ng'ombe," anatero.

Ine sindikanatha kuyankha. Anayankha ndi amayi anu, m'Chinyanja, ali chiimire ndi mimba yawo, Zakeyu nkumasulira.

"Musadandaule nokha, a Tenenti. Nanenso sanandisankhe."

Tenenti anawayang'ana, anatulutsa kamphweya m'mphuno ngati akufuna kuseka, anavala chipewa nkumapita. Ndinkadikira kuti abweranso kudzanditenga, koma sanabwere. Anapita kumapiri popanda ine, anayendayenda, anabwerako ndi mbuzi zowerengeka. Kamyau inachedwabe. Masabata otsatira, ndili gone pamphasa, ndinkamva makasu akukumba manda kuseri kwa mtengo wa mango uja, ndipo sikunali kamodzi. Ndinkafuna kudzuka kuti ndiyende, miyendo inkakana, ndiye ndinkangotembenukira kukhoma nkutembenukanso. Amene amati ndinapulumutsa mudzi samawerengera makasu amenewo. Ine ndimawawerengera.

1987, pa Cassacatiza

Kutupa kunatha, koma mawu sanabwerere. Kwa miyezi ndinkangonong'ona, ndipo atayamba kutuluka anali awa mukuwadziwawa, a njira imodzi, osakwera osatsika. Wa masewero wopanda mawu alibe ntchito, choncho ananditumiza kumalire, pa Cassacatiza, kuti ndizikweza ndi kutsitsa mtengo wotchinga msewu ndi kusesa pabwalo. Tinapita pakati pa gulu la magalimoto operekezedwa ndi asilikali, iwe Lusiya uli kumsana. Mkulu wa pamenepo anali munthu wabwino koma wosamva bwino khutu limodzi, ndiye ine wonong'ona ndi iye wogontha tinkamvana ndi manja. Magalimoto anali ochepa. Odutsa ambiri anali oyenda pansi, mitolo pamutu, onse kulowera ku Zambia. Ndinkawakwezera mtengo ngakhale akanatha kungowerama, kuti manja anga apeze chochita.

Tsiku lina Beta anatulukira kuchokera tsidya linalo, atamva kuti ndili pamalire. Anali atanenepa pang'ono, ali ndi mwana. Sanadziwe zimene zinachitika. Atangondiona anakuwa, "A Thole! Tandipatseni nkhumba ija, ndaisowa!" Ndinakoka mpweya monga kale, ndinatsegula pakamwa, panatuluka chifuwa chokha. Anandiyang'ana, ndinamufotokozera monong'ona, iye akugwetsa misozi. Kenako anapukuta m'maso, anatsina mphuno, nkuyamba kudandaula ngati mbuzi kuti dziko lino laipa, ngakhale nkhumba zasiya ntchito. Ndinaseka mpaka pakhosi panatuluka magazi pang'ono. Anati ku Zambia kumsasa wa othawa nkhondo akufuna anthu a masewero, ndipite ndizikawalembera. Amayi anu ankafuna tipite. Ine ndinakana, sindikanatha kuima pambali nkumamvera wina akulakwitsa ng'ombe. Pa zimenezonso tinakangana.

Za ng'ombe zija mufuna kudziwa. Mvula itagwa a Kachingwe anazidutsitsa m'tchire kupita ku Zambia. Kumeneko zambiri zinafa ndi matenda, zina anazigulitsa motchipa kuti mbumba idye. Nkhondo itatha anabwera ndi zochepa kwambiri, zosadzaza ngakhale ngodya ya khola lakale. Koma zinaswana, ndipo ng'ombe zimene mumaziona kwa amayi anu lero ndi zidzukulu za zimenezo. Ine ndinabwezedwa ku ofesi ya chikhalidwe pa Chifunde, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Ndinkaphunzitsa achinyamata. Popeza sindikanatha kuwaonetsa ndi mawu, ndinkawagwira pamimba ndi pakhosi kuti amve pomwe mawu ayenera kuchokera, ndipo ena anafika patali. Thole lokha sindinaphunzitse aliyense.

2001, pa Nsadzo

A Kachingwe anakhala zaka zambiri nkhondo itatha, ndipo tinkaonana pamaliro ndi pamaukwati. Sanatchulepo nkhani ya nkhadze ngakhale kamodzi. Ankandipatsa moni ngati mkamwini wina aliyense, nkufunsa za mvula ya ku Chifunde. Nthawi zina zinkandiwawa, nthawi zina ndinkati bola choncho. Atamwalira tinapita tonse, ndipo pamwambo wotsiriza anapha ng'ombe yamphongo ya m'khola lawo. Ine ndinakhala kumbali ndi akamwini anzanga, kumene kumafika mafupa ndi msuzi. Ndikuona mlongo wawo wamng'ono, amene anatsala yekha mwa akuluakulu, akubwera ndi mbale yovundikira, akudutsa mafumu, akudutsa akatekisita. Anagwada patsogolo panga nkuvundukula. Munali chiwindi ndi nyama ya pamsana.

"Malemu anasiya mawu," anatero. "Anati ikadzaphedwa yawo, mbale yoyamba ipite kwa a Fabiyau. Sananene chifukwa."

Anthu onse anali kundiyang'ana. Tsono inu mukudziwa kuti chichokereni nthawi ija pakhosi panga panachepa, nyama sinditha kumeza, ndimadya zofewa zokhazokha. Ndinakhala ndi mbale ija m'manja osadziwa chochita. Kubweza kukanakhala kunyoza maliro, kudya kukananditsamwitsa pamaso pa anthu. Apo amayi anu ananyamuka kuchokera kwa azimayi, anadutsa bwalo lonse, chinthu chosachitika, nadzakhala pansi pambali panga pakati pa amuna. Anasamba m'manja, anatenga chiwindi nkuyamba kuchinyenya ndi zala, tizidutswa tating'ono ngati ta mwana woyamba kudya, akuviika mumsuzi nkumandipatsira m'dzanja.

Ndinanong'ona kuti, "Nabanda, mwaona? Ankadziwa."

"Ankadziwa, inde," anatero osandiyang'ana, zala zikugwirabe ntchito. "Mezani pang'onopang'ono. Ine maganizo sindinasinthe, mukanakalira basi."